Chakumwa cha jinja, mandimu ndi uchi: mafunso ndi mayankho

Chiperoni chikayamba m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene nkhungu imaphimba phiri la Mulanje mpaka masana ndipo mvula yowaza imagwa masiku angapo osaleka, chimfine ndi chifuwa zimalowa pafupifupi m'nyumba iliyonse kuchokera ku Muloza mpaka ku Bvumbwe. Iyi ndi nyengo imene jinja, mandimu ndi uchi zimayenda malonda m'misika ya Chitakale, Limbuli ndi Luchenza. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri za chakumwachi, ndipo mayankho ake akusiyanitsa zimene chimathandizadi ndi zimene anthu amangochitamandira nazo.

Kodi chakumwachi chimakonzedwa bwanji?

Pofuna makapu awiri, tengani jinja wamuwisi wotalika ngati chala chachikulu cha kumanja, madzi okwana theka la lita, ndimu limodzi ndi uchi masupuni a tiyi awiri. Tsukani jinja bwinobwino, makamaka m'mphanda momwe mumabisala dothi, kenako mudule tizidutswa topyapyala kapena mumutswanye pang'ono mu kamtondo kuti madzi ake atuluke msanga. Ikani jinjayo m'madzi ozizira mu poto, vindikirani, ndipo akawira chepetsani moto kuti awire pang'onopang'ono kwa mphindi 10 kapena 15. Amene akuphika pa mbaula angathe kungochotsako makala ena kapena kusunthira poto m'mbali. Madziwo amasanduka achikasu pang'ono ndipo fungo lake limamveka kukhitchini konse.

Mukaphula, sefani, ndipo dikirani mpaka kapu itazizira moti mungathe kuigwira ndi manja awiri osapsa. Pamenepo ndi pofinyira theka la ndimu mu kapu iliyonse, n'kuthira supuni ya uchi ndi kutakasa. Ndimu lolimba limatulutsa madzi ambiri ngati mwayamba mwaligudubuza patebulo molikanikiza ndi chikhatho musanalidule. Imwani chikadali chofunda, pang'onopang'ono, kuti chikhudze pakhosi nthawi yotalikirapo.

N'chifukwa chiyani mandimu ndi uchi siziyenera kuwiritsidwa pamodzi ndi jinja?

Zinthu zitatuzi sizigwirizana ndi moto mofanana. Jinja amafuna kutentha kuti mphamvu yake isungunukire m'madzi. Kuwawa kwake kumachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa gingerol, ndipo jinja akaumitsidwa kapena kuphikidwa nthawi yaitali, gawo lina la gingerol limasanduka shogaol, amene ndi wowawa kwambiri. Vitamini C wa m'mandimu, mosiyana ndi zimenezi, amawonongeka akatenthedwa, ndipo akawira nthawi yaitali amatsala wochepa. Uchi nawonso umataya fungo lake ndiponso tinthu take tina tachilengedwe totchedwa ma enzyme ukawira, ngakhale kuti shuga wake amakhalabe momwemo.

Pali chinanso chimene ophika ambiri amachizindikira atalawa kale. Ndimu likawiritsidwa ndi makoko ndi njere zake, chakumwa chonse chimawawa moipa, ndipo munthu amakakamizika kuthira uchi wambiri kuti abise kuwawako. Tiyenera kunenanso kuti mawu akuti uchi wotenthedwa umasanduka poizoni alibe umboni. Uchi wothiridwa m'madzi otentha sungakuvulazeni. Mumangotaya zina mwa zimene munalipirira.

Kodi jinja ayenera kusendedwa? Nanga wa ufa ndi wabwino?

Jinja wanthete wa khungu losalala safunika kusenda ngati watsukidwa bwino. Wokhwima kapena wofota mungamupale ndi nsonga ya supuni, chifukwa mpeni umadula mnofu wambiri. Jinja amene wachita nkhungu kapena wafewa n'kumanunkha mutayeni yense, musangodulako pamene pawola.

Wa ufa ndi wabwinonso, koma ndi wamphamvu kuposa wamuwisi, choncho theka la supuni ya tiyi limakwanira kapu imodzi.

Kodi chakumwachi chimachiza chimfine?

Ayi, sichichiza, koma chimachepetsa zowawa zake, ndipo zimenezi si zazing'ono kwa munthu amene walephera kugona chifukwa cha kutsokomola. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo thupi limawagonjetsa lokha, nthawi zambiri m'masiku 7 mpaka 10, kaya munthu wamwa jinja kaya sanamwe. Chimene chakumwachi chimachita n'chakuti madzi ofunda ndi nthunzi yake zimafewetsa mamina ndi makhololo, uchi umamata pakhosi n'kuchepetsa kuyabwa kumene kumayambitsa kutsokomola, ndipo jinja amatenthetsa thupi ndi kukhazika mtima pansi ngati munthu ali ndi mseru. Wodwala chimfine amafunikanso kumwa madzi ambiri, ndipo amamwa mosavuta ngati madziwo ali ndi kakomedwe.

Mwa zinthu zitatuzi, uchi ndi umene uli ndi umboni wolimba pa nkhani ya chifuwa. Kafukufuku wochitidwa pa ana opitirira chaka chimodzi waonetsa kuti uchi pang'ono womwa asanagone umachepetsa kutsokomola usiku. Umboni wa jinja uli kwambiri pa mseru ndi kusanza, osati pa chimfine.

Apa ndi pabwino kukumbutsa kuti amoxicillin ndi Bactrim, amene anthu amakonda kugula okha akamva chimfine, amapha mabakiteriya ndipo sachita kanthu pa mavairasi. Kwa chimfine wamba, kapu ya jinja ndi kupuma n'zanzeru kuposa makapisozi amene dokotala sanakulembereni.

Kodi ndimu limodzi limapereka vitamini C wokwanira?

Limapereka gawo chabe. Madzi a ndimu limodzi la msinkhu wapakati ali ndi vitamini C pafupifupi mamiligalamu 20, ndipo popeza mu kapu mumalowa theka la ndimu, munthu amalandira pafupifupi theka la pamenepo. Munthu wamkulu amafuna mamiligalamu oyambira 45 mpaka 90 patsiku, malingana ndi muyezo umene mabungwe osiyanasiyana a zaumoyo amatsatira. Gwafa, amene ana amangothyola m'mbali mwa njira, ali ndi vitamini C woposa mamiligalamu 200 pa magalamu 100 aliwonse, kutanthauza kuti gwafa mmodzi amaposa mandimu angapo. Papaya, malambe, mango ndi nanazi za ku Mulanje kuno zilinso ndi vitamini ameneyu. Choncho ndimu mu chakumwachi lili ndi ntchito ya kakomedwe ndi kuwonjezerako pang'ono, koma amene akufunadi vitamini C adye zipatso zimene zili pa nyengo yake.

Ndi liti pamene munthu ayenera kusiya kudalira chakumwachi n'kupita kuchipatala?

Ili ndi funso lofunika kuposa onse, chifukwa choopsa chenicheni cha chakumwachi sichili mu kapu, koma m'masiku amene wodwala amataya akuyembekezera kuti chimuchiza. Malungo amayamba mofanana ndi chimfine: kuphwanya m'thupi, litsipa, kuzizidwa ndi kutentha thupi. Jinja amatulutsa thukuta, wodwala n'kumva bwinoko kwa maola ochepa, pamene tizilombo ta malungo tikuchulukana m'magazi. Aliyense amene watentha thupi, makamaka mwana wosakwana zaka 5 kapena mayi woyembekezera, ayezedwe magazi pasanathe maola 24. Kuyezetsako n'kwa pachala chabe, zotsatira zimatuluka m'mphindi zochepa, ndipo m'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala a LA n'zaulere.

Chifuwa chimene chatha masabata awiri osasiya chiyenera kuyezedwa ngati si chifuwa chachikulu cha TB, makamaka ngati munthu akutuluka thukuta usiku, akuwonda kapena akulavula makhololo a magazi. Kwa munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, palibe chifukwa chodikira masabata awiriwo. Mwana amene akupuma mofulumira, amene nthiti zake zikulowa m'kati akamapuma, amene akukana kuyamwa kapena kumwa, wakomoka kapena wafooka moti sakudzuka bwino, angakhale ndi chibayo kapena malungo aakulu, ndipo afunika kufika kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale kukhale usiku. Akuluakulu nawonso asazengereze ngati akubanika, akumva kupweteka pachifuwa kapena akulephera kumeza malovu.

Pa nthawi ya COVID-19, makamaka kumayambiriro kwa 2021, mabanja ambiri ankamwa jinja ndi mandimu ndiponso kufukiza masamba a bulugamu. Zimenezi zinkachepetsa zowawa za pakhosi, koma sizikanatha kukweza mpweya wa okosijeni m'magazi a munthu amene mapapo ake agwidwa. Wotsekula m'mimba nayenso afunika Thanzi ORS, amene ali ndi muyezo woyenera wa mchere ndi shuga. Chakumwa cha jinja sichingalowe m'malo mwake.

Kodi ana angamwe?

Mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi mwa njira iliyonse, kaya wosungunula m'madzi, wothira mu phala kapena wopaka pa milomo. Mu uchi mumatha kupezeka timbewu ta bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum. Matumbo a munthu wamkulu amagonjetsa timbewu timeneti, koma m'matumbo a khanda timatha kumera n'kutulutsa poizoni wofooketsa minyewa. Khanda lotere limayamba kudzimbidwa, limayamwa mofooka, limalira motsika, khosi limalefuka, ndipo likhoza kulephera kupuma. Kuwiritsa uchi panyumba sikupha timbewu timeneti, ndipo uchi wa m'botolo la kusitolo ndi wa kumng'oma n'chimodzimodzi pa nkhaniyi. Agogo akanena kuti ana akale ankanyambita uchi osadwala, yankho laulemu n'lakuti matendawa ndi osowadi, koma akagwira akhoza kupha, ndipo palibe chimene khanda limataya likadikira chaka. Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe chakumwa chilichonse kupatula mkaka wa m'mawere.

Mwana wopitirira chaka angapatsidwe theka la supuni ya tiyi kapena supuni imodzi ya uchi m'madzi ofunda asanagone. Jinja wa ana akhale wochepa kwambiri, wongomveka fungo, chifukwa wowawa amawatentha pakamwa ndipo mawa lake amakana kumwa.

Nanga amayi oyembekezera?

Jinja ndi chimodzi mwa zinthu zochepa za kukhitchini zimene zapimidwa bwino pa mseru wa miyezi yoyambirira ya pakati, ndipo amathandiza amayi ambiri. Muyezo umene umatchulidwa ndi pafupifupi galamu imodzi ya jinja wouma patsiku, yomwe ndi theka la supuni ya tiyi ya ufa, kapena makapu awiri a jinja wosawawa kwambiri. Uchi ndi mandimu zilibe vuto kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, pokhapokha ngati wapezeka ndi shuga wokwera. Mayi amene anatayapo magazi pa pakati pamenepa, kapena amene masiku ake ochira ayandikira, afunse anamwino kusikelo asanazolowere kumwa jinja tsiku ndi tsiku. Amene akusanza chilichonse chimene wadya kapena kumwa afunika chithandizo cha kuchipatala, chifukwa madzi amatha m'thupi msanga.

Kodi odwala shuga, BP kapena amene akumwa mankhwala ena angamwe?

Uchi ndi shuga. Pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse a uchi ndi shuga, ndipo supuni yaikulu imodzi ili ndi magalamu 17 a shuga. Chikhulupiriro chakuti uchi ndi wabwino kwa odwala shuga chifukwa ndi wachilengedwe chasokoneza anthu ambiri, pakuti uchi umakweza shuga m'magazi monga momwe amachitira shuga wa m'paketi, kusiyana kwake n'kochepa. Wodwala shuga amwe jinja ndi ndimu popanda uchi, kapena awerengere uchiwo pa chakudya chake cha tsikulo atakambirana ndi a kuchipatala.

Jinja wambiri akhoza kuchedwetsa kuundana kwa magazi, choncho amene akumwa mankhwala oletsa kuundana kwa magazi monga warfarin kapena aspirin wa tsiku ndi tsiku, ndiponso amene akuyembekezera opaleshoni, auze dokotala kuti amamwa jinja. Amene ali ndi timiyala mu ndulu achitenso chimodzimodzi. Kwa munthu wamkulu wathanzi, malire amene amatchulidwa kawirikawiri ndi magalamu 4 a jinja wouma patsiku, ndipo makapu awiri kapena atatu a chakumwa chokonzedwa monga tafotokozera sapitirira pamenepo.

Kwa odwala BP ndi amene akumwa ma ARV, kapu ya jinja siletsedwa, koma siilowa m'malo mwa piritsi ngakhale limodzi. BP yokwera nthawi zambiri siimveka m'thupi, choncho kumva bwino mutamwa jinja si umboni wakuti yatsika. Chimene chimanena zoona ndi makina opimira.

Kodi n'zoona kuti kumwa m'mawa usanadye kumasungunula mafuta ndi kutsuka magazi?

Palibe chakumwa chimene chimasungunula mafuta a pamimba, ndipo ntchito yochotsa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, zimene zimaigwira usana ndi usiku popanda kudikira ndimu. Munthu akhoza kuchepetsako thupi ngati chakumwachi chalowa m'malo mwa zakumwa zoziziritsa kukhosi kapena tiyi wa masupuni anayi a shuga, koma phindulo lachokera ku shuga amene wasiyidwa. Bungwe la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wowonjezera asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu zimene munthu amapeza ku chakudya, omwe kwa wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50 patsiku, ndipo uchi umawerengedwa m'gulu lomwelo.

Kodi chakumwachi chingawononge mano kapena kuyambitsa chilungulira?

Inde, chikamwedwa mopitirira. Asidi wa m'mandimu amafewetsa gawo lolimba la kunja kwa dzino, ndipo gawoli likaperepeseka silimeranso. Amene amamwa madzi a mandimu pang'onopang'ono tsiku lonse ndi amene amayamba kumva mano kuwawa akamwa madzi ozizira. Mukamaliza kapu yanu, chukuchani m'kamwa ndi madzi wamba, ndipo dikirani mphindi 30 musanatsuke mano ndi mswachi. Amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena amavutika ndi chilungulira amwe atadya kale, achepetse ndimu, ndipo asiye ngati chikuwatentha pamtima.

Ndingadziwe bwanji uchi weniweni?

Njira zimene zimafala pa WhatsApp, monga kuviika machesi mu uchi n'kuyatsa, kudonthezera uchi m'madzi kapena kuona ngati nyerere zikubwera, sizodalirika. Zimangosonyeza kuchuluka kwa madzi mu uchiwo, ndipo madzi a shuga ophikidwa mpaka kulimba akhoza kupambana mayeso onsewo. Kuundana nakonso si chizindikiro cha chinyengo. Uchi weniweni umachita timibulu ndi kulimba nyengo yozizira, makamaka m'madera okwera a Thyolo, ndipo umasungunukanso botolo likaimikidwa m'madzi ofunda. Mtundu wake umasiyana malinga ndi maluwa amene njuchi zinatola, moti uchi wakuda wa mitengo ya m'nkhalango ndi woyererako wa maluwa ena onse angakhale enieni.

Chimene mungachione ndi maso anu ndi uchi wofulidwa usanakhwime. Njuchi zimamata zisa ndi phula uchi ukakhwima, madzi ake atatsika kufika pafupifupi magawo 18 pa 100. Wofulidwa msanga umakhala wamadzimadzi, umachita thovu pamwamba, umanunkha ngati mowa, ndipo botolo limatulutsa mpweya mukamatsegula. Uchi wonunkha utsi kwambiri kapena wokhala ndi mphutsi za njuchi unafulidwa mosasamala. Njira yabwino ndi kugula kwa mlimi wa njuchi amene mukumudziwa kapena ku magulu a alimi, omwe alipo m'midzi yozungulira phiri la Mulanje, kumene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likulimbikitsa ulimi wa njuchi ngati njira yotetezera nkhalango. Wa m'sitolo, yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Kodi ndingathiremo masamba a tiyi, adyo kapena zina?

Mungathe, ndipo kuno kwathu kumene tiyi ali pakhomo anthu ambiri amachita zimenezo. Thirani masamba a tiyi mutaphula poto, adikire mphindi zitatu kapena zinayi, kenako sefani. Kumbukirani kuti tiyi amachepetsa ayironi amene thupi limatenga ku nyemba, nandolo ndi ndiwo zamasamba, pamene ndimu limathandiza kuti ayironiyo alowe. Amene ali ndi vuto la kuchepa magazi, kapena mayi woyembekezera amene akumwa mapiritsi owonjezera magazi, amwe chopanda masamba a tiyi pa nthawi ya chakudya. Usiku ndi bwinonso kuwasiya chifukwa amathawitsa tulo.

Adyo ndi sinamoni n'zongotengera kukonda kwa munthu. Mkaka sugwirizana ndi ndimu chifukwa umadukaduka. Kachasu kapena mowa wina uliwonse usathiridwemo. Umangogonetsa wodwala koma suchiza kanthu.

Kodi chingasungidwe nthawi yaitali bwanji?

Madzi a jinja okha, osathira ndimu ndi uchi, amakhala masiku awiri kapena atatu mu firiji m'botolo lotsekedwa bwino. Kumene kulibe firiji, kapena magetsi akamazimazima, konzani zongokwanira tsiku limodzi. Amene amalawirira kuntchito m'minda ya tiyi kapena kumsika angathire madzi a jinja otentha mu fulasiki, n'kunyamula ndimu ndi uchi padera kuti athire pa nthawi yomwa. Musasiye madzi a mandimu mu poto wa aluminiyamu, chifukwa asidi amadya chitsulocho ndipo chakumwa chimasintha kakomedwe. Botolo la galasi ndiye labwino.

Ngati mukufuna kumwa chozizira nyengo yotentha ya Okutobala, madzi owonjezera akhale owiritsa kapena othira WaterGuard. Ndimu silipha tizilombo ta m'madzi mokwanira, ndipo mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, pamodzi ndi kuwonongeka kwa mipope ndi zitsime pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, zinaonetsa kuti madzi ooneka oyera ochokera m'mitsinje ya m'phiri angathe kukhala ndi matenda. Uchi wokha suwonongeka kwa nthawi yaitali ngati uli wotsekedwa ndipo simukuviikamo supuni yonyowa. Jinja wamuwisi mungamusunge pamalo ouma opita mphepo, kapena kumukwirira mumchenga wouma pamthunzi.

Kodi jinja ndingamulime ndekha pakhomo?

Mulanje ndi Thyolo ndi madera oyenera jinja chifukwa cha mvula yambiri ndi chinyezi. Sankhani jinja wonenepa wokhala ndi maso amene ayamba kutupa, mudule zidutswa zokhala ndi diso limodzi kapena awiri, ndipo muzisiye pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri kuti mabala aume. Bzalani mvula ikayamba, mu Novembala kapena Disembala, pa nthaka yofewa yothira manyowa owola bwino, mozama masentimita 5 ndi motalikirana masentimita 25 kapena 30. Jinja amakonda mthunzi pang'ono, choncho amachita bwino m'mbali mwa nthochi, koma amawola pamalo podikha madzi, ndiye m'malo otsika mubzaleni pa mizere yokwera. Phimbirani ndi udzu kapena masamba ouma kuti chinyezi chisathawe. Amakhwima pakatha miyezi 8 mpaka 10, masamba akayamba kuchita chikasu ndi kuuma. Wopanda munda angabzale mu thumba lakale la feteleza lotsukidwa bwino ndi loboola pansi, ndipo pofuna kukonza chakumwa angafukule m'mbali n'kuthyolako chidutswa, chotsalacho n'kuchikwiriranso kuti chipitirize kukula.